Animate ya ku Ikebukuro, kumene akazi ndiwo ambiri pa mzere

Alendo okonda anime, makatuni a ku Japan, akafika ku Tokyo amathamangira ku Akihabara, dera lotchuka ndi masitolo a zinthu zoterezi. Ine mkazi mnzanga ndimamuuza kuti atsikire pa siteshoni ya Ikebukuro, atulukire chakum'mawa, ayende pang'ono mpaka pa sitolo ya Animate. Kampaniyi inayambira m'dera lomweli mu 1983, ndipo nyumba yake yosanjayi anaikulitsa n'kuitsegulanso mu 2023. Muli mabuku a manga (nkhani za zithunzi zojambula), nyimbo, zidole, timabaji, ngakhale holo ya zisudzo pansi penipeni.

Koma chimene chimandikoka ine ndi anthu ake. Pa mzere wolipirira mupeza atsikana a sekondale, yunifolomu ili m'thupi, akuwerengetsa makobili m'manja. Kumbuyo kwawo amayi ochokera ku ofesi, basiketi itadzaza. Ena ndi a zaka za m'ma 40, aja anakula akuonera katuni ya Sailor Moon itangoyamba pa TV mu 1992, lero abwera ndi ana awo aakazi, aliyense akusankha zake. Palibe amene amachita manyazi, ndipo ogulitsa amamulandira mayi wamkulu ndi ulemu womwewo, osamufunsa ngati akugulira mwana.

Timabaji tambiri amatigulitsa titamatidwa m'kapepala, moti simudziwa nkhope imene mwagula mpaka mutatsegula. Ndiye akazi amatuluka n'kukakhala pa kapaki kali kutsogolo kwa sitoloyo, kuyala timabaji tawo pamwendo, n'kumasinthana ndi anthu osawadziwa n'komwe. Mtsikana wa zaka za kusukulu amagwirizana ndi mayi woti akanamubala, onse akuweramirana mitu mwaulemu. Ambiri amanyamula chikwama chotchedwa ita-bag, chokhala ndi pulasitiki yoonekera mkati, mmene amandandalikamo timabaji ta munthu mmodzi yekha wa m'nkhani amene amamukonda. Ndimatha kuima pamenepo nthawi yaitali ndikungoyang'ana, mtima uli mbee.

Mabuku ochuluka ndi a Chijapani, choncho wosadziwa chinenerocho apindula kwambiri ndi zithunzi ndi zidole. Pitani pakati pa sabata m'mawa, chifukwa Loweruka ndi Lamlungu anthu amachita kuthithikana. Baji imene mukuifuna mukaisowa pa kapaki paja, tsikirani ku msewu wa Otome Road, pafupi ndi chinyumba cha masitolo cha Sunshine City, kumene masitolo a K-Books amagulitsa za kaunjika zitatsegulidwa kale, nkhope ili poyera.