Koleji ya zaluso kapena galaja ya amalume?

Mwana akalemba MSCE mapointi n'kukana kumulowetsa ku yunivesite, njira zophunzirira umakaniko zimatsala ziwiri: galaja kapena koleji ya zaluso.

Pa galaja palibe fizi, sipanala umaigwira tsiku loyamba, koma miyezi yoyambirira ntchito yako ndi kutsuka mabawuti mu petulo ndi kuthamangira chipisi cha abwana, ndipo chimene abwanawo sakudziwa iwenso sudzachidziwa. Ikabwera galimoto yofuna kompyuta yoyezera mumangoyang'anana. Pepala palibenso.

Ku makoleji a zaluso ngati Soche, Nasawa, Lilongwe Technical kapena makoleji a m'madera aja anayamba mu 2015 umalipira, malo ndi ochepa, mashini ena ndi okalamba ndithu, koma amakutumiza ku atachimenti ndipo ukamafunsira ntchito uli ndi satifiketi yoonetsa. Pajatu makampani amapereka ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaluso, 1% ya ndalama zomwe amalipira antchito, ndiye akalemba mwana wochokera ku koleji akungokolola zomwe anadzala.

Ine ndingati bambo wabanja kale asasiye galaja, ana adya chani, angopita akamuyese luso lakelo apeze pepala. Koma wa zaka 18 apite ku koleji, kwa amalume azikathandiza pa holide.