Windows kapena Linux, mameseji akamakwawa pa netiweki

Anzanga, sabata yatha pa shopu yathu ku Kapata kuno ku Chipata kapulogalamu kotumiza mameseji pakati pa makompyuta kanayamba kuyenda ngati bilimankhwe, aliyense akuti ndi netiweki koma ayi, router imodzi yomweyo, ping (yoyesa ngati makompyuta akumvana) ili bwino, iperf3 (yoyeza liwiro la netiweki) nayo ikuthamanga. Vuto linali pa timameseji ting'onoting'ono.

Pa laputopu ya Windows 7 ndinavutika zedi, Resource Monitor imakuonetsa kuti zikuchedwa koma chifukwa chake sikuuza, mpaka ndinaika Wireshark, pulogalamu yoonetsa zonse zodutsa pa netiweki, ndipamene ndinaona kudikira kwa 200ms (sekondi imodzi ndi 1000ms) mobwerezabwereza. Chochititsa ndi njira ya Nagle ya 1984 yochepetsera timapaketi ting'onoting'ono pa netiweki, kompyuta yotumiza imasunga tizidutswa ta meseji mpaka ACK (yankho loti zotumizidwa kale zafika) ibwere, kwinaku Windows yolandirayo ikuchedwetsa ACK dala, onse kudikirana ngati mkamwini ndi apongozi akakumana panjira.

Ubuntu, mtundu wa Linux, ikamalandira kudikirako ndi pafupifupi 40ms, sumamva kwenikweni, ndipo ukangolemba lamulo la ss -ti mu terminal ikupatsa rtt (nthawi yopita ndi kubwerera) ndi cwnd (kuchuluka kwa zomwe ingatumize ACK isanabwere) pomwepo. Pofufuza ine ndimasankha Linux, ngakhale sikirini yakuda ija imaopsa poyamba.

Tinayatsa TCP_NODELAY, yomwe imazimitsa njira ya Nagle, mu kapulogalamuko, manje makompyuta onse awiri akutumiza osapumira.