Chipatala cha ku Nkhoma, mbali ya maso ndakhutira nayo

Agogo anga anachita ng'ala mpaka Baibulo lawo ankangoligwira osawerenga, ndiye abusa athu ndi amene anati pitani nawo ku Nkhoma, chipatala cha mishoni cha CCAP chija. Tinakwera minibasi ku Lilongwe nkutsikira pa Kamphata, kenako galimoto ina mpaka kufika.

Koma abale manesi ake ulemu eeh, agogo amavuta kumva koma ankawabwerezera zonse osakwiya olo pang'ono. Opareshoni anapanga diso limodzi, mawa lake atachotsa bandeji agogo kungondiyang'ana nkuti iwe wawonda chonchi bwanji kkkk.

Ndi cha CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndiye musapite chimanjamanja, kumakhala kolipira. Mutengenso bulangete, kuphiri kuja usiku kumazizira zedi.