Miyezi 14 ndi pulogalamu younika chisamaliro cha odwala BP

Kalata yotiuza kuti tilipire chaka chachiwiri inafika kalekale, ndipo ndakhala ndikuizengereza. Sabata yatha mnzanga amene amayang'anira chipatala china chaching'ono ku Luchenza anandiimbira foni kufunsa ngati nayenso agule pulogalamu ya pakompyuta imene ife tinagula, ndipo ndinalephera kumuyankha mwachidule.

Chipatala chathu chili chakufupi ndi Muloza. Odwala athu ambiri ndi anthu othyola tiyi m'maesiteti, ndipo ena amaoloka malire kuchokera ku Milange. Ndi pulogalamuyi, kulembetsa odwala, kusindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala ndiponso kuwerengera mankhwala kumayenda bwino, sindingadandaule. Koma chimene chinatikopa kwenikweni ndi gawo limene limaunika mbiri ya wodwala aliyense n'kutiuza kuti, mwa anthu onse a vuto la kuthamanga kwa magazi amene anabwera m'nyengo ikuwerengedwayo, ndi angati amene BP yawo yomaliza inali pansi pa 140/90.

Malipoti oyamba anaonetsa kuti tikulephera kwambiri, ndipo namwino wathu wamkulu, amene amadziwa odwalawa ndi mayina awo, anakhumudwa mpaka kusowa chonena. Loweruka lina tinakhala pansi n'kuyamba kuyerekeza kaundula wathu wa pepala ndi zimene zili m'kompyuta, munthu mmodzimmodzi. Tinaima pa agogo ena amene amayenda wapansi mwezi uliwonse kudzatenga mankhwala. Kaundula ankaonetsa 130/80, koma kompyuta inawaika m'gulu la anthu amene BP yawo siinatsike.

Chifukwa choyamba chinali chathu chomwe. Anthu akachuluka pamzere, anamwino ankalemba BP m'bokosi lalikulu la ndemanga, pamene pulogalamuyi imawerenga timabokosi tiwiri tokha ta manambala, ndipo tikakhala topanda kanthu imaona ngati wodwalayo walephera. Izi tinakonza pophunzitsana tsiku limodzi lokha. Chachiwiri ndicho chinatizunguza mutu kwa milungu ingapo. Magetsi akazima, kompyuta ya m'chipinda choyezera inkabwerera ku deti la zaka zam'mbuyo chifukwa kabatire kake kam'kati, kooneka ngati ndalama yachitsulo, kanali katatha mphamvu. Aliyense woyezedwa m'mawa umenewo ankalembedwa ngati anabwera chaka china, choncho pulogalamu inkatenga BP yawo yakale, yokwera ija, ngati yomaliza. Tsiku limene tinasintha kabatireko n'kuona agogo aja atasamukira m'gulu loyenera, ndinasangalala kwambiri moti ndikanauza aliyense kuti agule pulogalamuyi.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Nyengo ya mvula ikatha, tiyi wothyola amachepa ndipo aganyu ambiri amabwerera kwawo. Munthu amene tinamuyeza kamodzi kokha mu Januwale, BP ili yokwera, amakhalabe m'chiwerengero chathu chaka chonse, ngakhale tisadzamuonenso. Ogulitsa pulogalamuyi anavomera kuti njira yowerengera odwala a BP imeneyi anaitengera ku America, kumene amachotsa m'chiwerengero amayi oyembekezera ndi odwala impso kwambiri, koma munthu wosamuka palibe pomuchotsera. Ine sindikufuna kubisa anthu amenewa, chifukwa nawonso ndi odwala athu ndipo BP yawo imandidetsa nkhawa. Ndikufuna kuwaona paokha, kuti tidziwe amene tingawatsatire ndi amene anapita kutali.

Apa ndi pamene ine ndi ogulitsa tasemphana. Pempho langa ndi limodzi, lakuti pansi pa chiwerengero chilichonse pazituluka mndandanda wa odwala amene awerengedwa komanso chifukwa chake aliyense waikidwa m'gulu lakelo. Mndandandawu ukanakhalapo, vuto la deti lija tikanalipeza tsiku lomwelo. Iwo akuti imeneyi ndi ntchito yatsopano yofunika kulipiridwa padera, ndipo akabwera kuchokera ku Blantyre amafuna tiwabwezere ndalama ya mafuta. Mtengo wa chaka nawonso anaumangirira ku dola, ndipo amene akukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa zimene izi zimachita ku chipatala chaching'ono ngati chathu.

Ndawalembera kuti tilipira theka tsopano, ndipo theka linalo tidzapereka mndandandawo ukadzayamba kutuluka. Mnzanga wa ku Luchenza ndamuuza kuti asasayine chilichonse mpaka nkhani ya mndandandayi italembedwa m'pangano lake, ndipo ine ndikudikirabe yankho lawo.