Ndemanga yanga pa tikiti ya masiku anayi ya MerleFest ku Wilkesboro

Tikiti ya masiku anayi ya MerleFest ndi ya ndalama ndithu, ndipo aliyense amene akugwira ntchito kuno ku America akudziwa thukuta lomwe timakhetsa kuti tipeze dola. Choncho ndiyambe ndi yankho: ndalama yanga sinalowe m'madzi, ndipo ndidzagulanso. Koma tikiti imeneyi ili ndi kadyedwe kake. Mukangoyala mpando pa siteji yaikulu n'kumadikira oimba otchuka a usiku, mudzabwerako mutadya theka chabe la zomwe munalipira.

MerleFest ndi chikondwerero cha nyimbo chomwe chimachitika kumapeto kwa Epulo, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu, pa bwalo la Wilkes Community College m'tauni ya Wilkesboro ku North Carolina, kunsi kwa mapiri a Blue Ridge. Kuchokera ku Charlotte ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi ndi theka pa galimoto. Chinayamba mu 1988 pokumbukira Merle Watson, mwana wa katswiri wa gitala Doc Watson. Merle anamwalira pa ngozi ya thirakitala mu 1985 ali ndi zaka 36. Ndalama za chaka choyambacho zinali zokonzera munda wa maluwa woti ngakhale anthu osaona azisangalala nawo pogwira ndi kununkhiza, poti Doc Watson mwiniwake anali wosaona kuyambira ali khanda. Iye anatisiya mu 2012, koma siteji yaikulu imatchedwabe Watson Stage, ndipo phindu la chikondwererochi limathandiza kolejiyo mpaka lero.

Ine ndinakula ndikumva banjo ya malemu Alan Namoko wa ku Thyolo pa wayilesi ya MBC, nayenso woimba wosaona amene zala zake zinkalankhula. Nditamva koyamba bluegrass, mtundu wa nyimbo za ku America zoimbidwa ndi banjo ndi zida zina za nsambo, khutu langa silinaone chachilendo kwenikweni, ndipo mpake, chifukwa banjo inafika ku America ndi akapolo ochokera kumadzulo kwa Africa. Chomwe Amereka anachita n'kuisintha kaimbidwe. Woimba banjo Earl Scruggs atalowa m'gulu la Bill Monroe, tate wa bluegrass, mu 1945 anabwera ndi kakhwatchidwe ka zala zitatu zovala timapiki, ndipo kuyambira pamenepo nyimbozi zinapeza liwiro lomwe tikulidziwali. Gulu lenileni la bluegrass limakhala ndi banjo, gitala, mandolini, vayolini ndi bezi yaikulu yoimika pansi, nthawi zina ndi dobro, gitala yoimba mogoneka potsetsereka kachitsulo pa nsambo. Ng'oma kulibe. Ntchito ya ng'oma amagwira ndi wa mandolini, amene amadula nsambo mwachidule pakati pa kugunda kwa bezi. Zimenezi pa foni kapena pa YouTube mumazimva, koma simuona kuti akugawana bwanji ntchitoyo. Ndiye chifukwa chake ndikuti pitani pafupi.

Masiteji alipo oposa 10, ndipo ambiri amaimba nthawi imodzi. Palibe amene angaone zonse, ndiye usiku uliwonse khalani pansi ndi ndandanda n'kusankha za mawa. Ine masana onse ndinkathera ku masiteji ang'onoang'ono. Ku Creekside, m'mbali mwa kamtsinje, n'kumene ndinamvera Peter Rowan ndili pafupi moti ndinkaona dzanja lake lamanja likugwira ntchito. Mkulu ameneyu anaimbako gitala m'gulu la Bill Monroe m'zaka za m'ma 1960, ndipo ngakhale ndi wachikulire tsopano, mawu ake akakwera pamwamba amakusiya tsitsi litaima. Sathamanga. Amayamba wafotokoza kanthu za nyimboyo, n'kuyang'ana anyamata ake, kenako n'kuyamba. Munthu woimba zaka zoposa makumi asanu safunanso kukutsimikizirani kuti amatha, ndipo zimamveka.

Amene anandigwira mtima kuposa onse ndi a Kruger Brothers. Jens ndi Uwe Kruger anakulira ku Switzerland, koma chikondi cha nyimbo za Doc Watson chinawakokera ku North Carolina mpaka anakhazikika m'boma la Wilkes momwemo. Anaimba atatu okha, pamodzi ndi Joel Landsberg pa bezi. Ambirife timadziwa banjo ngati chida chaphokoso ndi chaliwiro, koma Jens amatha kuichepetsa mawu mpaka khamu lonse kukhala chete kuti lisaphonye kanthu, kenako n'kuikweza pang'onopang'ono osasokoneza mayendedwe a nyimbo. Uwe amamutsatira ndi gitala mosamupondereza, ndipo mawu ake ndi okhuthala, odekha. Ndinaona azibambo a tsitsi la imvi akupukuta misozi osachita manyazi. Kwa ine, amene ndinachokeranso kutali n'kudzakonda nyimbo za m'mapiri amenewa, kuona anthu a ku Ulaya atalandiridwa ngati ana a pamudzi kunandilimbitsa mtima kwambiri.

Sam Bush ndiye mwini wake wa usiku. Ndi wa ku Kentucky, anayambitsa nawo gulu la New Grass Revival kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ku MerleFest ndi wa pakhomo kuyambira kalekale. Amaimba mandolini ndi thupi lonse, akumwetulira, ndipo gulu lake lili ndi ng'oma ndi zida zamagetsi. Ameneyu muonereni pa siteji yaikulu. Pambali pa Watson Stage pali kanyumba ka mitengo kotchedwa Cabin Stage, ndipo gulu lalikulu likamatsika, wina amayamba kuimba pakhonde la kanyumbako nthawi yomweyo. Nzeru imeneyi ndinaiyamikira: simukhala chete kudikira kuti alumikize mawaya, ndipo ena mwa oimba achinyamata omwe ndikuwamverabe mpaka pano ndinawadziwira pakhonde pamenepo.

Koma chomwe chinandibwezera ndalama yanga ndi matenti a Pickin' Place, kumene aliyense wobwera ndi chida chake amaloledwa kuimba. Ndinatenga gitala yanga. Anthu amakhala mozungulira, wina amatchula nyimbo ndi kiyi yake n'kuyamba. Akamaliza ndime amayang'ana mnzake n'kugwedeza mutu, ndiye kuti nthawi yakeyo yoti aimbe yekha yakwana, enawo n'kuchepetsa mawu a zida zawo kuti amvekere. Ngati simukufuna, mumangopukusa mutu ndipo amadutsa kupita kwa wina popanda kukunyozani. Wotsogolera akafuna kumaliza amatukula phazi pang'ono, onse n'kudziwa kuti ndime imeneyi ndi yomaliza. M'bwalo lomwe ndinakhala munali agogo aakazi ali ndi bezi yotalika kuposa iwo, ndi kamtsikana ka msinkhu wa pulayimale kali ndi vayolini, ndipo agogowo ankakadikira moleza mtima kuti kalowe bwino. Atamva komwe ndimachokera anandifunsa za nyimbo zakwathu, ndipo nditawafotokozera za mabanjo omwe anyamata amapanga ndi zitini ndi waya, nkhani inatenga nthawi kuposa nyimbo. Ngati mumaimba chida chilichonse mwa zimenezi, musachisiye kunyumba.

Lamulungu m'mawa kumakhala nyimbo zauzimu. Amuna anayi akazungulira maikolofoni imodzi, zida atazitula, wina pamwamba wina pansi penipeni, zimafanana kwambiri ndi makwateti a kwathu a mpingo wa Seventh Day. Dzukani msanga tsiku limenelo ngakhale mwatopa.

Za malo, ndinene mwachidule. Mowa ndi fodya n'zoletsedwa mkati, ndiye mabanja amabwera ndi ana mtima uli m'malo, ndipo ana ali ndi malo awo otchedwa Little Pickers. Zakudya zambiri amagulitsa ndi magulu othandiza anthu a m'deralo, kotero ndalama yanu imatsala m'tauni momwemo. Galimoto mumaisiya kutali pang'ono, mabasi n'kukutengani kukafika pachipata. Tikiti wamba ilibe mpando, mumabwera ndi wanu wopinda n'kukhala kumbuyo kwa mipando yolipira padera. Ine sindinaone chifukwa chowonjezera ndalama pa mpando wakutsogolo pamene tsiku lonse ndili kwina. Bwalo la kolejiyi ndi la zitunda, makamaka popita ku siteji ya Hillside kumene Loweruka masana gulu la The Waybacks ndi alendo awo amaimba chimbale chathunthu chakale, ndipo anthu amadzaza phiri lonse. Valani nsapato zoyendera. Nyengo ya Epulo kumeneko njosadalirika: masana dzuwa loswa mtengo, madzulo mvula, usiku chisanu cholowa m'mafupa. Chipewa, jekete ndi chovala cha mvula zonse zikhale m'chikwama.

Chomwe chinandiwawa ndi malo ogona, ndipo si mlandu wa okonza chikondwerero. Wilkesboro ndi tauni yaing'ono, zipinda zimatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Komwe ndinapeza kunali kutali, mtengo anaukweza chifukwa cha sabata imeneyo, ndipo madzi otentha ankabwera mwa apo ndi apo. Anzanga amene anagona m'matenti pa malo a misasa ozungulira tauni analipira zochepa, ndipo kwawoko nyimbo zinkapitirira mpaka mbandakucha. Chaka chamawa ndikagona kumeneko.

Chenjezo limodzi kwa okonda bluegrass yeniyeni ya Bill Monroe ndi a Stanley Brothers: MerleFest si ya bluegrass yokhayokha. Doc Watson mwiniwake ankaimba chilichonse chomwe chamusangalatsa, ndipo chikondwererochi chinatengera mtima umenewo, choncho usiku mutha kupeza oimba country, blues kapena rock pa siteji yaikulu. Ngati zimenezo sizikukomerani, tenti ya Traditional ndi Creekside zikukwanirani masana onse, ndipo matikiti a tsiku limodzi amagulitsanso. Woyesa koyamba asankhe Loweruka, afike zipata zikangotsegulidwa.