Makwerero a aluminiyamu otalikitsa ndi chingwe: maganizo a kapitawo

Amisiri ambiri omanga nyumba m'dziko muno adazolowera makwerero a bulugama, amene amakhomedwa pamalo a ntchito pomwepo ndipo amasanduka nkhuni nyumba ikatha. Monga kapitawo wa kagulu ka amisiri ku Lilongwe, ndidagula makwerero a aluminiyamu a zigawo ziwiri, otalikitsa pokoka chingwe, ndipo tawagwiritsa ntchito pa nyumba yosanja mpaka kufolera malata. Ndikuwayamikira kwambiri, ngakhale ali ndi zofooka zimene wogula ayenera kuzidziwa asanatulutse ndalama zake.

M'sitolo ndidayamba ndayang'ana kapepala komatidwa m'mbali mwa makwererowo. Pamenepo pamafunika pakhale chizindikiro cha EN 131, muyezo wa ku Ulaya wosonyeza kuti makwererowo adayesedwa kunyamula makilogalamu 150, kuphatikiza munthu ndi zida zake zomwe. Wogulitsa adandionetsanso ena otchipa opanda chizindikiro chilichonse, koma nditawagwedeza ndidaona mapondero ake akusewera molumikizira, choncho ndidawasiya.

Amene ndidagulawa ndi opepuka moti munthu mmodzi amawasenza, mapondero ake ndi otalikirana mofanana ndipo ali ndi mizere yoletsa kuterereka. Zimenezi si zazing'ono kwa munthu amene adaonapo msomali ukuzuka pa bulugama wouma mmisiri ali pamwamba. Komabe kulimba kwake sikuthandiza ngati aimikidwa molakwika. Khoma likakhala lotalika mamita 4, mapazi a makwerero ayenera kutalikira mita imodzi kuchoka pakhomapo, ndipo nsonga yake ipitirire ndi mita imodzi pamene munthu akukatsikira, kuti akhale ndi pogwira. Ife timawamangirira kumtunda ndi chingwe, ndipo wokwera amayang'ana kumakwerero, manja onse awiri ali opanda katundu. Ndowa ya matope imakwezedwa payokha.

Chimene chandidandaulitsa ndi mapazi ake a labala. Amaperepeseka msanga akamakwekwerezedwa pa konkire, ndipo nditabwerera ku sitolo kukafuna osinthira adandiuza kuti sasunga. Labala akatha, chitsulo chimatsetsereka pa simenti yosalala mosachenjeza. M'dzinja vuto limakhala lina, chifukwa phazi limodzi limatitimira m'dothi lonyowa n'kupendeketsa makwerero onse. Anyamata amathamangira kutsamiza ndi njerwa, chinthu chimene ndimaletsa kotheratu popeza njerwa imasweka kapena kugubuduzika. Thabwa lalikulu loyalidwa pamalo osalazidwa ndilo limagwira bwino. Zokowera zimene zimagwira chigawo chakumtunda nazo zimafuna kutsukidwa madzulo aliwonse, chifukwa simenti ikaumiramo sizitseka mpaka kumapeto, ndipo munthu ali pansi sangazindikire zimenezo.

Aluminiyamu amadutsa magetsi. M'makwalala athu ambiri mawaya a ESCOM amadutsa pafupi ndi madenga, ndipo makwerero otalikitsidwa akangokhudza waya, wowagwirayo angafe pomwepo. N'chifukwa chake timawafupikitsa ndi kuwanyamula chogoneka powasuntha, ndipo mmisiri wa magetsi sindimulola kuwakwera. Iye amafunika makwerero a fibreglass, amene sadutsa magetsi.

Ndikuchenjezanso makontirakitala anzanga amene angaganize kuti akagula makwerero amenewa ndiye kuti sikafodi, nsanja yoimapo amisiri pomanga, alibenso ntchito. Kupaka pulasitala ndi kuyala njerwa kumafuna manja awiri ndiponso nthawi yaitali, pamene makwerero ndi okwerera ndi kugwirirapo ntchito zachidule basi. Lamulo la dziko lino la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza antchito pa wolemba ntchito, motero mmisiri akagwa chifukwa chomanidwa sikafodi, woyankha mlandu ndi bwana wake.

Mtengo wa makwerero a aluminiyamuwa ndi wokwera poyerekeza ndi bulugama ndi misomali, koma amapita nafe ku ntchito iliyonse ndipo chiswe sichiwadya. Amene akufuna kugula afunsiretu ngati sitoloyo imagulitsa mapazi a labala osinthira, ndipo ngati ilibe, akayang'ane kwina.