Microsoft Clarity: musanalipire tool ya A/B test, onerani kaye anthu pa webusayiti yanu

Chitsekereni Google Optimize, tool ya Google yoyesera ma peji, pa 30 September 2023, anthu a mawebusayiti ang'onoang'ono akungofunsana kuti tsopano ma peji athu tiziyesera chani. Optimize inali yaulere, inkagwirizana bwino ndi Google Analytics (tool yowerengera alendo a pa webusayiti), ndiye itachoka ambiri anangothamangira ku VWO kapena Optimizely. Ma tool amenewo ndi abwino ndithu, koma ngati ukungoyamba kumene ine ndingati yamba ndi Clarity, tool yoonetsa zomwe anthu akuchita pa webusayiti. A/B test, komwe ndi kuonetsa anthu ena peji A, ena peji B, kuti uone yomwe ikuchita bwino, ibwere pambuyo.

Clarity ndi ya Microsoft, anayitulutsa kwa aliyense mu 2020, ndi yaulere ndipo alibe malire pa chiwerengero cha anthu obwera pa webusayiti. Kuyiyika sikovuta, umangotenga ka code kake nkukayika mu head ya webusayiti, kapena kudzera pa Google Tag Manager, a WordPress ali ndi plugin yake. Pakapita nthawi pang'ono data imayamba kulowa basi.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi ma recording. Umaona munthu walowa pa peji, watsika, wabwerera m'mwamba, wadina apa, wayima kaye, kenako watuluka. Analytics imangokuuza kuti anthu ambiri akuthawira pa peji yolipirira, koma chomwe akuthawa siyikuuza. Clarity imakuonetsa ndi maso. Ndipo simusowa kuonera zonse ayi, pali ma filter awiri omwe ine ndimayambira: ma dead click, pamene munthu wadina chinthu koma palibe chachitika, ndi ma rage click, pamene akudina malo amodzi mobwerezabwereza mwachangu chifukwa watopa nazo. Pa webusayiti ina yogulitsa katundu yomwe ndimayang'anira, anthu a pa foni amangodina chithunzi cha katundu kufuna kuchikulitsa, chithunzicho osasuntha, ena mpaka kudina kangapo nkutuluka. Pa kompyuta zonse zinali bwinobwino, nchifukwa chake palibe anazindikira. Chinthu ngati chimenecho sichifuna kuyesa A ndi B, umangokonza tsiku lomwelo.

Ma heatmap aliponso, zithunzi za peji zoonetsa ndi mitundu pomwe anthu amadina kwambiri (a ma click) ndi pomwe amafika akamatsika (a scroll). Ya scroll ndi yomwe imapweteka mtima, umapeza batani lako logulira unaliyika pansi pomwe anthu ochepa okha ndi amene amafikapo. Ingokumbukirani kuona ya foni payokha ndi ya kompyuta payokha, zikasakanikirana zimanamiza.

Nanga bwanji ndikuti A/B test idikire? Ndi masamu chabe. Tinene kuti pa anthu 100 olowa, awiri ndi amene amagula, 2 peresenti. Mwasintha peji ndipo mukufuna kutsimikiza kuti yakwera kufika 2.4 peresenti. Pa muyezo womwe ambiri amagwiritsa ntchito, wotsimikiza ndi 95 peresenti kuti kusiyanako si kwamwayi chabe, mufunika anthu opitirira 20,000 mbali iliyonse, A ndi B, kuphatikiza ndi opitirira 40,000. Ngati webusayiti yanu imalandira anthu 3,000 pa mwezi, test imodzi yokhayo idya chaka ndi miyezi pamwamba, ndiye mudzikhala mukulipira tool mwezi ndi mwezi mukudikira yankho limodzi. Ndipo chomwe chimachitika nchakuti munthu amatopa, pakatha masiku atatu waona B ili patsogolo, wayimitsa test, walengeza kuti B yawina. Kumeneko nkulawa ndiwo zisanapse, sabata yotsatira zinthu zimatha kutembenuka. Ma calculator a sample size, owerengera anthu omwe test ikufunika, alipo ambiri aulere pa intaneti, lowetsani manambala anu musanalembetse tool ina iliyonse, mudziwa pomwepo ngati mwafikapo.

Pomwe Clarity imaperewera pali ndithu. Siyichita A/B test, imeneyo si ntchito yake. Ma recording amasungidwa masiku 30, kupatula omwe mwawayika chizindikiro kuti akhale, ndiye mukaona yofunika isungeni nthawi yomweyo. Komanso siyifunsa anthu mafunso, umangoona zomwe achita koma maganizo awo umachita kuganizira wekha. Apa Hotjar, yomwe inagulidwa ndi Contentsquare mu 2021, ili ndi mwayi chifukwa ili ndi ma survey, umatha kufunsa munthu pa peji pomwepo kuti chakuletsani kumaliza ndi chani. Vuto lina si la tool koma la ife anthu, ma recording amakoma kuonera, utha kutha madzulo onse ukungoona mbewa ikuyendayenda pa sikirini osalemba kalikonse. Ine ndimasankha peji imodzi, funso limodzi, ndiye nkumalemba chilichonse chomwe chabwerezedwa ndi anthu angapo. Za munthu mmodzi ndimazisiya, mwina network yake ndi imene inavuta.

Nkhani ya chinsinsi musayiiwale, paja mukujambula zochita za anthu enieni. Clarity imabisa yokha zomwe munthu akulemba mu fomu, ndipo mutha kukhwimitsa kuti ibise zambiri, koma onereni nokha ma recording angapo kutsimikiza kuti palibe dzina kapena nambala ya kasitomala ikuonekera. Ngati muli ndi alendo ochokera ku Europe pali lamulo la GDPR, muyenera kupempha chilolezo cha ma cookie ndi kulemba pa privacy policy yanu kuti mukugwiritsa ntchito chida chotere.

Chinanso, musanayike chilichonse, gwirizanani kaye kuti conversion, chomwe mukufuna mlendo achite pa webusayiti, kwa inu ndi chani. Kugula? Kutumiza fomu? Kudina batani la WhatsApp? Chiyikeni ngati event (chochitika choti chiziwerengedwa) mu GA4, yomwe ndi Google Analytics 4, muyese nokha kuti ikuwerengadi, kenako mulumikize Clarity ndi Analytics. Popanda zimenezo mudzasintha peji koma osadziwa ngati zathandiza.

Anthu akachuluka pa webusayiti ndiye A/B test imakhala ndi nzeru. VWO ili ndi editor yosinthira mawu ndi mabatani popanda kulemba code, Optimizely imayenerana kwambiri ndi makampani akuluakulu, ndipo ngati muli ndi developer pali GrowthBook yomwe ndi open source, code yake ndi yotseguka kwa aliyense. Tool iliyonse yomwe mungasankhe, onani ngati peji yakale siyikuthwanima kaye isanabwere yatsopano, makamaka pa foni ya network yofooka, chifukwa zimenezo zokha zimasokoneza zotsatira. Test iziyenda masabata athunthu, anthu a Lolemba sagula ngati a Loweruka. Ndipo yesani zinthu zazikulu zomwe munaziona mu ma recording, monga kuchepetsa mafunso a pa fomu kapena kuonetsa mtengo wotumizira katundu koyambirira, mtundu wa batani usiyeni kaye.